Panado sachiza mantha

Awa ndi mawu amene tidayankhula pamsonkhano wa amayi kwa Chitukula, m'masiku 16 olimbana ndi nkhanza. Ambiri mudapempha kuti tiwaike pano kuti muwawerengere anzanu amene sadabwere. Nkhani za amayi zimene zili m'munsimu tidapempha chilolezo kwa eni ake, ndipo tasintha zina kuti asadziwike.

Zikomo agulupu ndi mafumu onse potilola kukumana pabwalo lanu. Zikomo amayi a mipingo, alangizi a zaumoyo, anamkungwi ndi ankhoswe. Abambo amene mwakhala kumbuyoko takuonani, musathawe, nkhaniyi ndi yanunso. Tikudziwa kuti mvula yagwa ndipo ambiri mwasiya khasu m'munda, ndiye sitikusungani mpaka dzuwa kupendeka.

Ife tayima panofe ndife ana anu. Ena mwa ife sitinakwatiwe n'komwe, ndipo wina atha kufunsa kuti ana adzulowa angatiuze chiyani za banja. Zoona, banja mukulidziwa ndinu. Koma takhala nanu miyezi yambiri ku banki m'khonde, pamjigo ndi pamzere wa sikelo, ndipo pali chinthu chimene takhala tikuchimva mobwerezabwereza. Chinthucho n'chimene tabwera nacho lero.

Tiyambe ndi buku la kuchipatala. Amayi, ndi angati muno buku lawo lidadzaza mpaka kugula lina? Eya, manja ndi ambiri. Mayi wina wa m'dera lino adationetsa mabuku ake atatu. Masamba onse nkhani yake ndi imodzi: mutu, msana, m'mimba kuotcha, mtima kugunda kwambiri, kusowa tulo. Akayeza malungo, palibe. Amalandira Panado, nthawi zina bufeni, n'kubwerera kunyumba. Pakatha masabata awiri ali pamzere pomwepo. Anzake adayamba kumunena kuti ndi waulesi, akuthawa kumunda. Apongozi ake ankati walodzedwa.

Titamufunsa ngati kunyumba kuli nkhanza, adayankha msangamsanga kuti, "Ayi, bambo a kwathu sadandimenyepo chikwatirane." Ndipo sankanama. Koma titacheza naye mpaka madzulo, zina zidayamba kutuluka. Chipinda chosungira chimanga chimakhala chokiya, kiyi ali m'thumba mwa bambo. Akachedwa pamjigo amafunsidwa kuti anali ndi ndani. Foni yake imafufuzidwa usiku uliwonse. Amatukwanidwa pamaso pa ana kuti ndi chitsiru, kwawo ndi amphawi, palibe wina angamutole. Usiku alibe mawu, kaya watopa, kaya akudwala. Kenako adanena mawu amene sitidzawaiwala: "Ndikangomva njinga yawo ikulira kumsewu, m'mimba mwanga mumayamba kuotcha."

Amayi, m'mimba mwa mayiyu mudadziwa kalekale chimene pakamwa pake pankakana. Zaka zonsezi akumwa Panado pa matenda amene gwero lake ndi mantha.

Vuto lathu ndi lakuti timazindikira nkhanza pokhapokha pakatuluka magazi. Akuluakulu muno mukukumbukira nkhani ya mayi wa ku Dowa, konkuno kufupi, amene adadulidwa manja ndi mwamuna wake. Dziko lonse lidagwira pakamwa, aliyense adavomereza kuti izi ndi nkhanza. Mu 2006 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo lothana ndi nkhanza za m'banja, la Prevention of Domestic Violence Act. Chimene ambiri sitidziwa n'chakuti lamuloli silikamba za kumenya kokha. Limatchulanso nkhanza zokhudza kugonana, nkhanza zozunza munthu m'maganizo monga kutukwana, kunyoza ndi kuopseza, komanso nkhanza za chuma monga kumana munthu zofunika pa moyo wake. Zonse zimene mayi uja adatiuza zili m'lamulo la dziko lino kuyambira 2006, koma mwini wake ankaziona ngati khalidwe chabe la bambo a kunyumba.

Sali yekha. Kafukufuku wamkulu wa boma wa za chiwerengero cha anthu ndi umoyo, amene ofesi ya National Statistical Office idachita mu 2015 ndi 2016, adapeza kuti amayi 42 mwa 100 aliwonse amene adakhalapo pabanja adachitidwapo nkhanza ndi amuna awo. Ndipo mtundu umene udachuluka kwambiri si kumenya ayi. Ndi nkhanza za m'maganizo, amayi 30 mwa 100 aliwonse. Kumenyedwa kunali pa 26, kukakamizidwa kugonana pa 19. Ochita kafukufukuwo sadangofunsa kuti, "Kodi mumachitidwa nkhanza?" Akadatero, ambiri akadayankha ngati mayi wathu uja. Adafunsa chimodzichimodzi: adakukankhanipo? Adakunyozanipo pagulu? Adakukakamizanipo musakufuna? Pamenepo m'pamene chilungamo chidatuluka. Kafukufuku yemweyo adapezanso kuti pafupifupi theka la amayi amene adamenyedwapo kapena kugwiriridwa sadapemphe thandizo, ngakhale kuuzako munthu mmodzi.

Ndiye tikambirane zimene nkhanza zobisikazi zimachita m'thupi, chifukwa thupi silidziwa kusunga chinsinsi.

Munthu akaona njoka, mtima umagunda, thupi limauma, njala imathawa. Mulungu adatilenga choncho kuti tithe kuthawa. Njoka ikapita, thupi limabwerera m'malo. Nanga taganizani munthu amene thupi lake limakhala chonchi tsiku lililonse, zaka khumi, chifukwa chomuopsacho amagona nacho nyumba imodzi. Khosi ndi msana zimakhala zouma, mutu sukhala pansi, chakudya sichikhazikika m'mimba, tulo timabwera ta mbalame. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limatchula mutu, msana, kupweteka kwa m'mimba ndi m'chinena kosatha ngati ena mwa mavuto amene amapezeka kawirikawiri mwa amayi ochitidwa nkhanza. Sitikunena kuti mutu uliwonse ndi wa nkhanza, iyayi. Malungo alipo, BP ilipo, kayezetseni ndithu. Koma ngati mwayezetsa kangapo osapezeka kanthu, dzifunseni kuti mutuwo umayamba nthawi yanji, ndipo umasiya pamene ndani wachokapo.

Palinso kuvulala kumene sitikuwerengera chifukwa sikuoneka. Timati, "Aaa, inali mbama chabe." Mbama ya pakhutu imatha kuboola kachikopa ka m'kati mwa khutu, munthu n'kuyamba kumva movutikira kapena kutuluka mafinya. Kumenyetsedwa mutu kukhoma kumatha kusiya chizungulire ndi kuiwalaiwala kwa miyezi. Choopsa kwambiri ndi kukanyangidwa pakhosi. Nthawi zambiri sipakhala chilonda, koma m'kati mumavulala. Mukaona mawu asasa, kumeza kukuvuta, kupuma kukuvuta kapena munakomoka ngakhale pang'ono, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo. Ndipo tikunena poyera: mwamuna amene wafika pogwira mkazi wake pakhosi wafika pafupi ndi kupha. WHO idapeza mu 2013 kuti mwa amayi 100 aliwonse ophedwa padziko lapansi, okwana mpaka 38 amaphedwa ndi amuna awo kapena zibwenzi zawo.

Tibwere kwa amayi oyembekezera. Ndi angati amene adapita padera ife n'kumati ndi tsoka, kapena n'kumaloza chala agogo a m'mudzi kuti ndi mfiti? Kukankhidwa, kugwetsedwa, kusenzetsedwa ntchito yolemetsa mimba ili yaikulu, kumanidwa ndalama ya kabaza yopitira kusikelo, zonsezi zimafika kwa mwana ali m'mimba. Lipoti lomwelo la WHO lidaonetsa kuti kwa mayi wochitidwa nkhanza ndi mwamuna wake, chiopsezo chobereka mwana wochepa thupi chimakwera ndi 16 peresenti. Ndipo mayi amene matenda ayamba usiku koma sangatuluke chifukwa bambo sadalole, kapena apita ndi ndalama zonse kumowa, amachedwa kufika kuchipatala. Kuchedwa kumeneko n'kumene kumapha amayi ndi ana, ndipo ena amatsala ndi fisitula, matenda otaya mkodzo osalekeza. Ku Bwaila kuli malo othandizira amayi a fisitula, ndipo amachira, koma bwenzi zili bwino akadapanda kufika pamenepo.

Za kulera nazo tisazibise. Tikudziwa amayi amene amabayitsa jakisoni mobisa n'kukasungitsa buku kwa mnzawo. Tikudziwa ena amene adalamulidwa kukachotsa njira ya pamkono mwana asanayambe n'kuyenda komwe. Thupi limene silipuma pakati pa mimba ndi mimba limatha magazi, limafooka, ndipo uchembere wake umakhala woopsa. Kuletsa mkazi kulera, iye akufuna, ndi nkhanza, ngakhale patapanda kumenya.

Chimodzimodzi nkhani ya kachirombo ka HIV. Dziko lathu lidatchuka mu 2011 poyamba ndondomeko yoti mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa akapezeka ndi kachirombo ayambe ma ARV nthawi yomweyo, ndipo ana ambiri abadwa opanda kachirombo chifukwa cha ichi. Koma popeza mayi ndiye amayamba kuyezedwa kusikelo, ndiyenso amanamiziridwa kuti wabweretsa matenda m'nyumba. Mayi wina adatiuza kuti botolo lake ankalikwirira m'thumba la ufa, ndipo bambo akakhala pakhomo tsiku lonse, mankhwala sankamwa. Kudumphitsa mankhwala kumapatsa mphamvu kachirombo, ndipo mwana woyamwa amakhala pachiopsezo. Kuchipatala amangoona kuti mayiyu ndi wosamvera malangizo. Nanga amene sangathe kutchula kondomu ngakhale akudziwa bwinobwino kuti bambo akuyenda? M'madera ena, WHO idapeza kuti mayi wochitidwa nkhanza ali pachiopsezo chotenga HIV chochuluka ndi theka kuposa mnzake amene sachitidwa nkhanza.

Tsopano nkhani ya ndalama, imene kuno kwathu timaidziwa bwino. Fodya timafesa limodzi kunazale, timawokera limodzi, timathyola ndi kusoka limodzi mpaka zala kuchita zikang'a. Koma mabelo akalowa ku okushoni ku Kanengo, ndalama imasanduka ya munthu mmodzi. Ena amasowa sabata yathunthu, kubwera ndi buledi ndi shuga, nkhani yathera pomwepo. Soya ndi mtedza nazonso chimodzimodzi. Ikafika Januwale ndi Febuluwale, amene amayamba kudumpha chakudya kuti ana adye ndi mayi. Amene amapita kuganyu ali ndi mimba ndi mayi. Akatenga ngongole ku banki m'khonde kuti ayambe geni, bambo alanda, ngongole n'kutsala pamutu pa mayi. Kenako timadabwa kuti bwanji mayi uyu magazi ake ndi ochepa, bwanji akuonda, bwanji sagona.

Ndipo pali matenda a maganizo, amene timachita nawo manyazi kuposa onse. Mayi amene anali wansangala amayamba kudzipatula, sasamba, salabadira mwana akulira, amangolira yekha kuseri kwa nyumba. Ife timati wayamba matama, kapena wagwidwa ndi mizimu. Amenewa ndi matenda, ndipo WHO idapeza kuti amagwira amayi ochitidwa nkhanza pafupifupi kawiri kuposa anzawo. Ena amafika poganiza zodzipha. Mnzanu akanena kuti, "Bola ndingofa," musaseke, musamudzudzule, ndipo musamusiye yekha. Mperekezeni kuchipatala. Thandizo la matenda a maganizo lilipo, ku Bwaila komanso ku St John of God mu Lilongwe momwemu. Ana nawo amaona zonse. Mwana amene wayambiranso kukodza pogona, kapena amene sakumva m'kalasi, nthawi zina akungosenza zimene amamva usiku kudzera pakhoma.

Nanga n'chifukwa chiyani sitiziona? Chifukwa tidaphunzitsidwa kusaziona. Pachilangizo timauzidwa kuti banja ndi kupirira, za kuchipinda sizituluka panja, mwamuna sakanizidwa. Ena amafika ponena kuti kumenya ndi mankhwala a banja. M'kafukufuku wa boma uja, amayi 16 mwa 100 aliwonse adavomereza kuti pali zifukwa zina zoyenera kuti mwamuna amenye mkazi wake. Abambo amene adavomereza anali 13. Mwamva, eti? Ife amayi tidaposa abambo povomereza kumenyedwa kwathu komwe. Anamkungwi athu, sitikunyoza mwambo. Kupirira kulipo kwabwino: kupirira njala limodzi, kupirira matenda limodzi, kupirira umphawi limodzi. Koma pamene mmodzi ndiye akupweteka mnzake, limenelo si phunziro loti tipatsire ana athu. Tikupempha kuti pamalangizo anu muwonjezere mawu awa: mwana wanga, ukayamba kuopa mwamuna wako, bwera udzandiuze.

Ndiye tichite chiyani? Tiyambe ndi kuchipatala, poti n'kumene tonse timapita kale, kaya ku Lumbadzi, ku Area 25, ku Kabudula, ku Nambuma kapena ku St Gabriel ku Namitete. Mukalowa kwa dokotala kapena namwino, musathere pa "mutu ukundipweteka". Onjezerani kuti, "Kunyumba sikuli bwino." Mawu atatu okha. Ngati mwavulazidwa, musanene kuti mwagwa panjinga. Nenani zoona ndipo pemphani kuti zilembedwe, chifukwa tsiku lina zolembazo zidzakuyankhulirani. Inu a zaumoyo, tikudziwa kuti mizere ndi yaitali ndipo ndinu ochepa. Pempho lathu ndi laling'ono: mayi akabwera kachitatu ndi vuto lomwelo, mufunseni za kunyumba, ndipo mufunseni ali yekha. N'zabwino kuti abambo masiku ano akuperekeza amayi kusikelo, koma mayi sanganene zoona womuopsayo atakhala pambali pake.

Amene wagwiriridwa, kaya ndi mlendo, kaya ndi chibwenzi, kaya ndi mwamuna wake amene akumukayikira, afike kuchipatala asanathe maola 72, ndiye kuti masiku atatu. M'nthawi imeneyi kuli mankhwala a PEP oteteza ku HIV, komanso mapiritsi oletsa kutenga mimba. Ku Kamuzu Central Hospital kuli One Stop Centre, kumene a chipatala, apolisi ndi a zachisamaliro cha anthu amathandizira pamalo amodzi. Kupolisi, monga ku Lumbadzi ndi ku Kanengo, funsani ofesi ya Victim Support Unit. Pafoni imbani 5600 pa nkhani za nkhanza, kapena 116 ngati zikukhudza mwana. Manambala awiriwa ndi aulere. Khoti la majisitireti lili ndi mphamvu, pansi pa lamulo la 2006 lija, yopereka chikalata choletsa munthu kupitiriza kukuzunzani, ndipo kupempha chikalatachi sikutanthauza kuti mwathetsa banja.

Kwa ife anzake a mayi wovutika: mnzathu akatiululira, tisathamangire kunena kuti, "Ukudikira chiyani, ingomusiya." Iye akudziwa zimene ife sitikuzidziwa. Mwina ali kuchitengwa, kwawo ndi kutali, munda ndi wa kuchimuna, ana ali pasukulu. Komanso nthawi imene mkazi akuchoka ndi imene amuna ankhanza amalusa kwambiri, ndiye kuchoka kumafuna kukonzekera. Choyamba timukhulupirire. Timuuze kuti si kulakwa kwake. Timusungire buku la kuchipatala, chiphaso cha unzika, mankhwala ndi kandalama ka ulendo. Tigwirizane naye chizindikiro, kuti akatuma mwana kudzapempha mchere usiku tidziwe kuti zavuta. Ndipo nkhani yake isakafike pamjigo. Miseche yathu ndi imene imatseka pakamwa amayi ambiri.

Ankhoswe, udindo wanu ndi waukulu ndipo timaulemekeza. Koma musanakhazike pansi awiriwo, yambani mwamva mkazi payekha. Musathamangire kunena kuti, "Bwererani m'nyumba, zatha," musanafunse ngati akuopa. Mafumu athu, mlandu wa munthu wovulazidwa, wokanyangidwa pakhosi kapena wogwiriridwa si wothera pa nkhuku kapena mbuzi. Umenewo ndi wa kuchipatala ndi kupolisi, ndipo mfumu ikaperekeza yokha, mudzi wonse umaphunzirapo.

Abambo, zikomo kuti simudathawe. Ambiri mwa inu simumenya, tikudziwa. Koma funso la lero si lakuti mumamenya kapena ayi. Mukalowa pakhomo, ana amakuthamangirani kapena amabalalika? Akazi anu amatha kukuuzani kuti lero ndatopa? Ndalama ya fodya amaidziwa kuchuluka kwake? Ndalama zimene zikuthera pa kabaza ndi mankhwala, masiku amene munda ukugona chifukwa mayi ali kuchipatala, zonsezi zikutuluka m'thumba la banja lanu lomwe. Ndipo mnzanu akamadzitama pabawo kuti kwake mkazi sayankha, inu ndi amene angakumvereni, osati ife.

Mwina mukufuna kudziwa kuti mayi wa mabuku atatu uja zidamuthera bwanji. Sitikunamizani kuti zonse zili bwino. Akadali m'nyumba yomweyo. Koma adamuuza namwino zoona, adapezeka kuti BP yake ndi yokwera ndipo adayamba mankhwala. Ankhoswe a mbali zonse adakhala pansi, iye atayamba wayankhula payekha, ndipo kiyi wa chimanga tsopano amakhala pamsomali. Kutukwana sikudathe. Bambo akabwera ataledzera, iye ndi ana amakagona kwa mchemwali wake, ndipo mchemwaliyo akudziwa chifukwa chake. Ulendo ukadalipo wautali. Koma tsiku lina adatiuza kuti, "Ndinkadziona ngati ndine wodwaladwala. Pano ndikudziwa chimene chikundidwalitsa."

Tikatseka msonkhano uno sitinyamuka msanga. Tikhala pansi pa mtengo wa mango uwo mpaka madzulo, pamodzi ndi alangizi a zaumoyo. Amene akufuna kucheza nafe abwere ngati akudzafunsa za banki m'khonde, palibe adziwe. Amene sangathe lero, tidzakhalanso pompano tsiku la sikelo. Bwerani ndi buku lanu la kuchipatala, tidzaliwerengere limodzi.